Nyumba zakale za mabwana a ku England sindizisirira ayi

Munthu akangoika pa Facebook chithunzi cha zinyumba zakale za mabwana a ku England, ndemanga zimangoti "koma moyo unali umenewu". Ine ndimakana. Unali moyo kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa, chifukwa nyumba, minda ndi dzina zonse zinkagwera iyeyo. Akazi ndi ana ena onse ankangokhalamo.

Mlembi wa mabuku Vita Sackville-West anabadwira m'nyumba ya Knole, ku Kent, mu 1892, ndipo kwa makolo ake anali mwana yekhayo. Anakulira momwemo, nyumbayo ankaikonda ndi mtima wonse. Bambo ake atamwalira mu 1928, Knole inapita kwa mng'ono wa bambo akewo, mlandu wake Vita ukhala wakuti anabadwa wamkazi basi. Ife amene tinakula tikuona munda ukuyenda kuchikazi, zimenezi zimatiimitsa mutu. Mu 1930 iye ndi mwamuna wake anagula nyumba ina yakale yotchedwa Sissinghurst n'kudzala maluwa omwe anthu amapita kukaona mpaka lero, koma za Knole zinamupweteka moyo wake wonse.

Ena ankalowa m'nyumbazi chifukwa cha chuma cha kwawo. Consuelo Vanderbilt wa ku America, mayi ake anamukakamiza kukwatiwa ndi Duke wa Marlborough, mmodzi mwa mabwana a ku England, mu 1895 ali ndi zaka 18, pomwe mkuluyo ankafuna ndalama zokonzera chinyumba chake cha Blenheim Palace. Anamuberekera ana aamuna awiri, banja n'kudzatha mu 1921.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana. Zipinda zawo zinkakhala pamwamba, kutali ndi za makolo, kuti kulira kwawo kusamveke kwa alendo. Mlezi ndiye ankawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwagoneka. Madzulo, akuluakulu akamwa tiyi, ankawatchenetsa n'kutsika nawo kuti akaonekere kwa amayi awo kwa kanthawi, kenako n'kukwera nawonso. Mwana wako yemwe, kumuona mochita kupangana nthawi!

Winston Churchill, yemwe anabadwira ku Blenheim mu 1874 n'kudzakhala nduna yaikulu ya Britain, anamutumiza kusukulu yogonera konko ali ndi zaka 7. Ali kusukulu ankalemba makalata ochonderera amayi ake kuti abwere kudzamuona. Amene ankamuuza zakukhosi anali mlezi wake, Elizabeth Everest. Mayiyu atadwala mwakayakaya mu 1895, Churchill anathamangira kukakhala pambali pake mpaka anatsirizika, ndipo mwala wa pamanda ake analipira ndi iyeyo.