Mabwana inu, ukali wanuwo ndi umene ukuweta mabodza pantchito

Zimene zachitika sabata yathayi pa malo ena osungira nkhuku mu filiji ku Kanengo zandikwiyitsa kwabasi. Lachisanu usiku magetsi anaphethira, swichi yaikulu ya chipinda chozizira inagwa, kompresa n'kuima. Mnyamata wa shifiti ya usiku anaona ndi maso ake nambala ya pachitseko yoonetsa kuzizira ikuchoka pa -18 n'kumakwera. Foni anali nayo, mayunitsi analimo. Sanaimbe. Anatenga buku n'kumalemba -18 ola lililonse mpaka kunja kuyera. Mnzake wa Loweruka anapeza zomwezo, naye anangotsatira mzere. Lolemba chitseko chitatsegulidwa, madzi a magazi anali yenderere pansi, katundu yense wa kudzala. Vuto loti munthu akanangokweza swichi, kapena kuitana wa mafiliji usiku womwewo.

Ndiye akuti bwana wake akuzungulira akukuwa kuti anyamata a masiku ano ndi osakhulupirika. Osakhulupirika? Si inu nomwe mwezi wathawu munaimika mnzawo pamaso pa gulu, kumutcha chitsiru, kumudula malipiro, chifukwa anabwera yekha kudzanena kuti waiwala kuthira dizilo mu jenereta? Mumaganiza kuti enawo anaphunzirapo chiyani tsiku limenelo? Kukumbukira dizilo? Ayi. Anaphunzira kutseka pakamwa.

Ndipo matendawa sali ku Kanengo kokha. Ku Biwi mwana wophunzira umakaniko waononga mazinga a bawuti yotulutsira oilo, wamata ndi guluu, galimoto yatuluka, injini yakafera pa msewu wa ku Mchinji. Akanati anene akanalandira sipanala ya pamutu. Kashiya watumiza ndalama pa nambala yolakwika, m'malo moti anene msanga ndalamazo zisanatapidwe, wakhala chete mpaka madzulo akupemphera. Pa chimango china ku Area 49 anyamata akuona kapitawo akuwonjezera mawilibala a mchenga pa thumba limodzi la simenti, akungoyang'anizana. Namwino wapereka mlingo wolakwika wa mankhwala, wasankha kudikira aone ngati wodwala asinthe, chifukwa sisitala wamkulu amalalata mpaka wodi yonse kumva. Kodi onsewa ndi oipa mtima? Kapena alipo wina amene anawaphunzitsa kuti choonadi chimadula mchere wa ana?

Mumakonda kudzitama kuti kwanu kulibe zolakwika, buku la malipoti ndi loyera. Loyera chifukwa chiyani? Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, pofufuza magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti magulu otsogoleredwa bwino ndi amene anali ndi malipoti ambiri a zolakwika. Osati kuti ankalakwitsa kwambiri, koma sankaopa kunena. Kumene kunali mabwana aukali malipoti anali ochepa, buku loyererako ngati lanulo.

Mukufuna za maliro? Pa 27 March 1977 pa bwalo la ndege la ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain, kunali chifunga. Kaputeni wa ndege ya KLM, munthu wolemekezeka pakampani yawo, anayamba kuthamangitsa ndege kuti inyamuke pamene ndege ya Pan Am inali isanachoke pa msewu womwewo. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati inzakeyo yachokadi, kaputeni anayankha motsimikiza kuti inde, nkhani inathera pomwepo. Anthu 583 anafa. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyo makampani a ndege anayamba kuphunzitsa wamng'ono kulankhula molimba, ndi wamkulu kumvera. Ku fakitale za Toyota wantchito wamba ali ndi chingwe chokoka akaona vuto, ndipo ngati silinakonzedwe msanga mzere wonse wa magalimoto umaima. Inu muli ndi antchito khumi, koma ngakhale mlonda sangakuuzeni kuti loko wa kuseri wathyoka.

Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero akale. Munthu akabwera kudzanena kuti walakwitsa, mawu oyamba akhale "zikomo wanena msanga", kenaka thamangani kukapulumutsa chimene chingapulumuke. Za mlandu zidikire. Pasanathe masiku awiri, mitu idakali kukumbukira, khalani pansi onse amene anakhudzidwa, chitseko chotseka, osati pa gulupu ya WhatsApp pamene aliyense akuwerenga ndi mkazi wake. Yalani nkhani motsata nthawi: swichi inagwa nthawi yanji, anaona ndani, anaona chiyani, anaganiza zotani, chinamuletsa kuimba n'chiyani. Funso loti "ndani wachita zimenezi" lisatsogole, chifukwa likangotuluka aliyense amayamba kuteteza khosi lake ndipo simumvanso kanthu. Funsani "chifukwa chiyani" mobwereza mpaka mufike pa muzu. Nkhuku zaola chifukwa kompresa inaima. Inaima chifukwa swichi inagwa. Sanaikweze chifukwa palibe anamuonetsapo pamene ili. Sanaimbe chifukwa nambala ya wa mafiliji ili mu foni ya bwana yekha, ndipo bwana akaimbiridwa usiku amatukwana. Mwaona kumene chala chafika? N'chifukwa chake ambiri a inu mumaimira pa funso loyamba.

Pa msonkhano woterewu wamkulu alankhule pomaliza. Mukayamba ndinu, onse angoti "ndi momwemo bwana", mwataya ola lathunthu. Yambani ndi wamng'ono, wa ganyu ndi woyeretsa omwe, amenewo ndi amene amaona zambiri. Ndipo musatuluke ndi mawu oti "tonse tizisamala". Kusamala ndi chiyani? Tulukani ndi ntchito yokhala ndi dzina ndi tsiku: uje amata nambala zitatu za foni pakhoma pofika Lachitatu, uje agula alamu yolira kuzizira kukachepa, uje aonetsa shifiti iliyonse pamene pali swichi. Patatha sabata ziwiri bwererani mukaone ngati zachitika. Ikaninso kabuku ka zimene zinatsala pang'ono kuchitika, makwerero amene anaterereka koma munthu sanagwe, invoyisi imene inatsala pang'ono kulipidwa kawiri. Amenewo ndi maphunziro aulere, koma inu mumadikira a mamiliyoni.

Pena wina ati ndiye kuti tizingosekerera aliyense. Ndani wanena zimenezo? Wakuba ndi wakuba. Wobwera ataledzera, wonyalanyaza dala lamulo limene akulidziwa bwino, ameneyo alandire chilango chake. Koma siyanitsani ndi woiwala chifukwa wagwira mashifiti awiri motsatizana, kapena wodutsa chidule chimene aliyense pamalopo amadutsa inu mukuona n'kumangokhala chete bola katundu atuluke msanga. Mukachotsa ameneyo, wobwera m'malo mwake adzagwa m'dzenje lomwelo, chifukwa dzenjelo simunalikwirire. Komanso lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, silikulolani kuchotsa munthu pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito musanamupatse mwayi wodziteteza. Enanu mudzalidziwira ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito.

Nanunso anyamata ndi atsikana, musaganize kuti ndakusiyani. Kulemba nambala yabodza m'buku ndi mlandu woposa kuiwala. Nanga nkhukuzo zikanaumanso n'kukagulitsidwa, ana a anthu n'kudya? Ukaopa bwana, uza kapitawo. Ukaopa kapitawo, tumiza uthenga wolemba, nthawi ioneke. Ndipo lekani kuseka mnzanu akafunsa funso pa msonkhano, kumupatsa maina, kumunena kuti ndi kazitape chifukwa wanena kuti makina akulira mwachilendo. Ukali wa bwana ndi kuseka kwanuko zimagwira ntchito imodzi.

Koma bwana wa ku Kanengo uja akuti wachotsa anyamata awiri aja, ndipo nambala ya wa mafiliji idakali mu foni yake. Manyazi mulibe.