Dzuwa silidikira burashi

Pa malangizo amene munalemba okhudza kujambula zithunzi panja ndi penti yamafuta, mfundo yanu yoti wophunzira ayambe ndi mitundu yochepa ya penti ndagwirizana nayo, koma mwadumpha vuto lalikulu, lomwe ndi dzuwa. Ine tsiku loyamba ndinatha maola anayi ndikujambula phiri. Mithunzi ya m'mawa inali itasamuka pofika masana, ine n'kumaithamangitsa ndi burashi mpaka chithunzi chonse chinasanduka matope. Panopa ndimatenga kabolodi kakang'ono, n'kuyamba ndi mithunzi, ndipo pakatha maola awiri ndimalongedza, kaya chatha kaya ayi. Ngakhale Claude Monet, katswiri wojambula wa ku France, pojambula milu ya tirigu m'mudzi wa Giverny mu 1890 ndi 1891, ankasintha nsalu yojambulapo kuwala kukasintha.

Chinanso, penti yapansi izikhala yopyapyala, yosungunula ndi tapentaini (mankhwala osungunulira penti) pang'ono. Yamafuta ambiri ibwere pamwamba, apo ayi idzang'aluka ikauma. Komatu siuma tsiku limodzi, choncho konzeranitu chonyamulira. Chithunzi changa china chinafika kunyumba chitamata udzu ndi ntchentche ziwiri!

Za ambulera simunatchule. Dzuwa likamawomba pabolodi umasakaniza mitundu yoderapo osazindikira, umadzaona utalowa m'nyumba.