Kachisi wa ku Neasden ndi nyumba yopemphereramo

Zimene ndinaona Loweruka lapitali ku kachisi wa Ahindu wa ku Neasden, mumzinda wa London, zandikwiyitsa kwambiri. Bambo wina, munthu wamkulu ndithu, anakalipira mnyamata wolandira alendo pakhomo chifukwa chomupempha kuti avule nsapato ndiponso asajambule zithunzi m'kati. Akuti iye anabwera kudzaona luso la zomangamanga, choncho malamulo a opemphera sakumukhudza. Mwano wotere ndi wochititsa manyazi.

Kachisi ameneyu ndi nyumba yopemphereramo, ndipo kukongola kwake sikusintha zimenezo. Pamene a gulu la chipembedzo cha Chihindu la BAPS anamutsegula mu Ogasiti 1995, motsogozedwa ndi Pramukh Swami Maharaj, sankamangira anthu odzacheza. Miyala inachokera ku Bulgaria ndi ku Italy, inatumizidwa ku India kuti amisiri akaiseme ndi manja, kenako inabwera ku London zidutswa zoposa 26,000, ndipo ndalama zake anasonkha ndi eni ake, ena mpaka kutolera zitini zachabe n'kumagulitsa. Ambiri mwa mabanja amenewa anafika ku Britain kuchokera kum'mawa kwa Africa, ena atathamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972 atapatsidwa masiku 90 okha. Anthu amene anataya nyumba ndi masitolo awo anadzimangira malo ogwadira Mulungu wawo kudziko lachilendo, ndiye wina abwere ndi nsapato zake kudzawauza kuti mwambo wawo ndi wovuta?

Polowa salipiritsa, ndipo mwina n'chifukwa chake ena amaiwala kuti ali kwa eni. Koma kukulowetsani kwaulere ndi ulemu umene eni akupatsani, si chilolezo choti mupondereze zopatulika zawo. Akupemphani kuvula nsapato, kuphimba mapewa ndi mawondo, ndiponso kusunga foni m'thumba, basi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ngati kuvula nsapato kukukuvutani, khalani kunja, palibe anakukakamizani kubwera.

Chondiwawa china n'chakuti anthu omwewa, ena a iwo Amalawi anzanga, sangalole ngakhale pang'ono kuti mlendo alowe m'tchalitchi mwawo akuyankhula pafoni. Komanso ifeyo Amalawi kuno ku Britain tikupempherabe m'maholo obwereka, ndipo nkhani ya zopereka ikangoyamba, msonkhano umathera m'mikangano.