Odwala impso ndi mabotolo a "zokwezera chitetezo"

Ena mukwiya, koma ndinenabe. Munthu akangomveka kuti wapezeka ndi matenda a impso okhalitsa, achibale timathamangira kumugulira mabotolo a "zokwezera chitetezo". Chikondi chake sindikuchikana. Koma chitetezo cha wodwala impso si ndowa yoti madzi achepamo ndiye tingothiramo ena.

Achemwali anga ali pa dialysis, kusefedwa magazi ndi makina m'malo mwa impso, katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse. Kuwaperekeza kumeneko n'kumene kwanditsegula maso.

Impso zikafooka, zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi, ndipo asilikali a m'thupi amakhala m'litsiro limenelo usana ndi usiku. Amene ntchito yawo ndi kumeza mabakiteriya amayamba kugwira ntchito mwamphwayi. Amene amakumbukira tizilombo ndi kupanga zida zolimbana nato amachepa. Komano chodabwitsa n'chakuti thupi lomwelo limakhala pa nkhondo yosatha, kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso, kumene kumawononga mitsempha ya magazi pang'onopang'ono. Asilikali otopa, koma owombera chisawawa. M'pake kuti pakati pa anthu a pa dialysis, chimene chimapha kwambiri ndi matenda a mtima, kenako matenda oyamba ndi tizilombo. Ndiye mukamati "tikweze", mukukweza mbali iti?

Tsiku lina madzulo achemwali anangoti, "Ndikumva kuzizidwa pang'ono, koma iwe usadandaule." Nditawayeza, kutentha kwa thupi kunali 37.4 basi. Ndikanangowafunditsa bulangete. Chimene chinandiimitsa mutu ndi kufiira kwakung'ono pakhosi, polowera kapaipi ka dialysis. Titafika kuchipatala, namwino anangoyang'ana kamodzi n'kuitana dokotala. M'magazi munapezeka mabakiteriya. Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti wodwala impso atha kudwala kwambiri thupi osatentha mmene timayembekezera.

Ngati mukufunadi kuthandiza m'bale wanu, funsani za katemera, ndipo funsani msanga. Matenda a impso okhalitsa ali ndi magawo 5, ndipo katemera amagwira bwino impso zisanafike kothera. Wa matenda a chiwindi a hepatitis B, anthu a pa dialysis amapatsidwa mlingo waukulu kuposa wa munthu wamba, kawirikawiri 40 micrograms, ndipo pambuyo pake amayezedwa magazi kuti aone ngati wagwiradi, poti kwa ena sagwira. Palinso wa chibayo ndi wa chimfine. Akamatsokomola kwa masabata, kayezetseni chifuwa chachikulu, chifukwa nachonso chimawapeza mosavuta.

Nanga m'mabotolo mujamo muli chiyani? Kawirikawiri ngakhale wogulitsayo sadziwa. Zitsamba zina zili ndi potassium (mtundu wa mchere) wambiri, ndipo impso zofooka zikalephera kumutulutsa, mtima umatha kuima. Kwa amene anaikidwa impso ya munthu wina nkhani ndi yoopsa koposa. Iwo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo mwadala kuti thupi lisakane impsoyo, ndipo chitsamba ngati St John's wort chimachepetsa mphamvu ya ena mwa mankhwalawo, monga tacrolimus ndi cyclosporine. Ndiye tangoganizani kumubweretsera munthu woteroyo "chokwezera". Apa ndiwonjezeko ibuprofen ndi diclofenac, amene timangopatsana wina akati msana ukuwawa. Kwa wodwala impso si mankhwala ongomwa osafunsa dokotala.

Ndikudziwa chimene chimatipweteka. Kuona munthu wako akuvutika iwe manja ali lende n'kowawa, ndipo botolo limakupatsa mtima woti nawe wachitapo kanthu. Inenso ndinagulapo limodzi, osanama. Kusamba m'manja musanawagwire, kapena kusapita kukawazonda muli ndi chimfine, sikuoneka ngati mphatso, koma kwa iwo n'kumene kuli phindu.

Botolo lina limene azakhali anabweretsa likadali pamwamba pa kabati, losatsegula. Achemwali akuti tisalitaye, kuopa kuti eni ake angakhumudwe akadzabwera.