Mlamba wa chilonda wa mu Bua sunali wa ufiti

M'nyengo yozizira ya 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, ndinapita kwathu ku Mchinji kukakhalako milungu ingapo. M'mawa wina amalume anabwera kuchokera kumtsinje atasenza mono, n'kukhuthulira nsomba pachiguduli pakhonde. Munali milamba itatu ndi matemba okwana mbale imodzi. Mlamba umodzi unali ndi chilonda chofiira pambali, chachikulu ngati ndalama yachitsulo ya K10, m'mphepete mwake muli zotuwa ngati thonje lonyowa. Mnofu unali utadyeka mpaka minga kuonekera, koma nsombayo inali ikupumabe. Agogo anangoyang'ana kamodzi.

"Iwe, chotsa zimenezo pakhomo panga. Ukakwirire kutali."

"Amayi, iwiri inayo ilibe kanthu, tingoiwamba."

"Ndati ukakwirire zonse."

Madzulo ake m'mudzi monse munali nkhani yomweyo. Wina amati pali amene wathira katupe kumtunda. Wina amati ndi mankhwala a tomato. Anyamata amaseka kuti korona yalowa m'madzi, ndipo panali akuluakulu ena amene amanong'onezana dzina la munthu woganiziridwa. Mu Julayi boma linalengeza kuti ndi matenda a nsomba otchedwa EUS, ndipo linaletsa kupha ndi kugulitsa nsomba za mu Bua ndi madamu oyandikana nawo. Aka kanali koyamba matendawa kupezeka m'Malawi.

Ndalemba izi lero chifukwa sabata yatha ndinamva munthu wina pa minibasi akunenabe kuti zija zinali zamatsenga. Zaka zapitapo, koma sitinaphunzirepo kanthu, ndipo zimandiwawa.

Chimene chimadya nsomba chija ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans. Akatswiri amati si fangasi weniweni (fangasi ndi gulu la zamoyo monga chuku ndi bowa), koma kakhalidwe kake n'kofanana ndi chuku chimene timachidziwa pa mtedza: imamera timizu topyapyala tolowa m'mnofu, ndipo timbewu take tosaoneka ndi maso timasambira m'madzi kufunafuna nsomba ina. Matendawa anaonekera koyamba ku Japan mu 1971, anasakaza nsomba m'maiko ambiri a ku Asia, kenako cha mu 2006 anatulukira mu mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Kwa ife a Mchinji, amene Chipata ndi pakhomo, kunali kungodikira tsiku. Munthu sagwidwa ndi nkhunguyi, koma chilonda chotseguka chotero chimadzaza tizilombo tina, choncho agogo sanalakwitse.

Tsono mfundo yanga ili apa. Nkhunguyi kawirikawiri siboola khungu la nsomba yathanzi. Imafuna polowera: khungu lokalika, lotenthedwa ndi madzi a asidi, kapena nsomba yofooka kale. N'chifukwa chake kulikonse kumene matendawa abuka, amakonda nthawi yozizira ndi nthawi yotsatira mvula yamphamvu, pamene madzi asintha mwadzidzidzi. Mlendoyo anachokera kutali, inde, koma ine ndimakhulupirira kuti anapeza chitseko tili titachisiya pululu.

Amene munakulira m'mbali mwa Bua kapena timitsinje tothira m'menemo, kumbukirani mmene gombe linalili. Panali mikuyu, panali bango ndi nsenjere zowirira moti kuti ufike pamadzi umachita kutsata kanjira ka ng'ombe. Madzi a mvula ochokera m'minda amayamba asefedwa m'menemo asanagwere mumtsinje. Lero pitani mukaone. Mitengo inapita ku zigafa za fodya, ina ku mauvuni a njerwa, yotsala ku makala. Madimba afika pamadzi penipeni, mzere womaliza wa tomato ukuchita kulendewera paphompho. Munthu akatha kupopera mbewu, mpope amatsukira mumtsinje momwemo, pamalo pomwe mwana wake adzatunge madzi mawa. Malole a mchenga akumba maenje m'khwawa. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amafiira ngati thobwa la mawere, atanyamula dothi, feteleza, ndowe ndi zonse za m'zimbudzi zosefukira. Ikafika Seputembala, mtsinje uja wasanduka zithaphwi zodukizadukiza zobiriwira ndi ndere, nsomba zitapanikizana m'menemo, zikupumira pamwamba. Ngakhale munthu, mutamuika m'nyumba yotero, angapirire masiku angati osadwala?

Ndipo Bua si wa Mchinji yokha. Amatsetsereka kudutsa kufupi ndi Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa umakwera kukaswana. Zimene ife timatsukira kumtunda, wina amakazikazinga kunyanja.

Nyengo nayonso yatipenga. Mvula siikubweranso mwaulemu monga kale. Imachedwa, kenako imakhuthuka ya mwezi wonse masiku awiri. Namondwe wa Ana anabwera mu Januwale 2022, wa Gombe mu Malichi chaka chomwecho, wa Freddy mu Malichi 2023, kenako mu 2024 chilala chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Mtsinje wopanda mitengo m'mbali umalandira zonsezi maliseche: lero chigumula, mawa ng'amba.

Madzi akasefukira, tonse timathamangira kunena za kolera, ndipo m'pomveka. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Kolera amagwetsa munthu tsiku limodzi, ndiye aliyense amamuopa. Fangasi alibe phuma lotero. Amayamba ngati chipere pamutu pa mwana amene akugona pamkeka wonyowa ndi anzake khumi. Amayamba ngati kuyabwa pakati pa zala zakuphazi kwa mayi amene wakhala akuponda m'matope sabata yathunthu. Timangoti n'zazing'ono, pakani mafuta. Amabisalanso m'nkhokwe: mtedza umene unavutika ndi ng'amba uli m'munda, kenako n'kunyowa poyanika, umachita chuku, ndipo poizoni wa chukucho amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Ife a Mchinji timadziwa chimene timachita ndi mtedza wokanidwa pamsika. Timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana.

Pali nkhani ina imene inandiziziritsa nkhongono nditaimva. Thupi la munthu limatentha madigiri 37, ndipo kutentha kumeneku ndi mpanda umene mafangasi ambiri amalephera kuudumpha. Koma mu 2009 ku Japan, m'khutu la wodwala wina, anapeza fangasi watsopano wotchedwa Candida auris. Patangopita zaka zochepa anali atatulukira m'zipatala za ku India, South Africa ndi Venezuela, ndipo mitundu yake inali yosiyana, kusonyeza kuti sanachite kutengana kuchokera malo amodzi. Samva mankhwala ambiri, ndipo amakakamira pamabedi ndi zipangizo za m'chipatala. Akatswiri ena akuganiza kuti dziko likamatentha, mafangasi a m'madambo ndi m'nthaka akuzolowera kutentha, mpaka ena kufika popirira thupi la munthu. Candida auris anakamupezadi m'dambo la madzi amchere ku zilumba za Andaman. Abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo akadwala amagonekedwa m'zipatala za komweko, ndiye musati n'zakutali.

Mu Okutobala 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda woyamba wa mafangasi 19 oopsa kwa anthu. Pagulu lapamwamba penipeni pali Cryptococcus, amene amayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, makamaka chifukwa cha HIV. Ameneyo si mlendo kuno. Amakhala m'nthaka ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda, ndipo mabanja ambiri ataya abale awo atayamba ndi mutu wosamva panado. Dziko lokhala ndi anthu ochuluka chotere amene ali pa ma ARV silingamaone fangasi ngati nkhani ya zipere basi.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti aliyense amagwira kachidutswa kake. Wa zankhalango akuwerenga mbande, wa zansomba akuletsa maukonde, wa zaumoyo akugawa klorini, mlangizi wa ulimi akulimbikitsa ulimi wam'dimba. Mtsinje ndi umodzi, koma kwathu kuja sindinaonepo anthu amenewa atakhala pansi pa mtengo umodzi ndi amfumu. Chiletso chija chitatha, anthu anangobwerera m'madzi ndi miono yawo. Ine ndikanakonda kuti madzi a mitsinje ikuluikulu aziyezedwa nyengo ndi nyengo, zotsatira zake n'kumawerengedwa pa wailesi m'Chichewa monga amachitira ndi mitengo ya fodya ku okushoni. Msodzi akaona nsomba ya chilonda, adziwe kokanena tsiku lomwelo, ndiponso asaitaye mumtsinje kapena kusamutsa ukonde wonyowa kupita nawo kudamu lina.

Koma ndisadzichite woyera. Dimba limene likulendewera paphompho lija, lina mwa iwo ndi lathu. Tomato wa m'menemo ndi amene anandilipirira sukulu ya sekondale, ndipo njerwa za nyumba ya agogo tinaotcha ndi mkuyu umene ndinkakwera ndili mwana. N'kosavuta kulalikira za mitengo uli m'tauni, madzi akutuluka pampopi.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinatsikira kudimba ndi amalume. Ndinawapempha kuti tibwerere mapazi khumi kuchoka pagombe, tidzalepo nsenjere ndi mitengo ingapo. Anaima, n'kuwerenga mizere ndi chala.

"Isanu ndi umodzi. Ndiye tomato wa mizere imeneyi ulipira ndiwe, mphwanga?"

Ndinati inde, chaka chino ndilipira ndine. Anaseka, nati ndalama itsogole, nsenjere adziwa kokazula. Ndinawatumizira pa foni mu Januwale. Dzulo anditumizira chithunzi: nsenjere zagwira, zafika m'chiuno, ndipo aneba a dimba la kumunsi akufunsa ngati nawonso ndingawalipire.