Aphunzitsi athu aku Bunda, pa X mukulembera ndani?

Mlangizi wa zaulimi wa ku Lunzu EPA (dera la ulangizi wa zaulimi) ali ndi midzi yambirimbiri koma njinga imodzi, ndiye mbozi zikalowa mmunda kumudzi wakutali safika tsiku lomwelo ayi. Apa ndi pomwe kaposti kakafupi ka pa X kapena Facebook kamagwira ntchito. Mlimi wajambula chimanga chobooka masamba, mkati mwa nsonga muli zangati utuchi, watumiza kwa mlangizi pa WhatsApp, mlangizi waponya pa X, dotolo waku LUANAR (yunivesite ya zaulimi yomwe ili ndi sukulu ya Bunda) kapena wa kafukufuku ku Bvumbwe wayankha mizere itatu kuti iyi ndi fall armyworm, yang'anani kumutu ili ndi chizindikiro ngati Y yozondoka, thirani mankhwala mmawa kwambiri kapena madzulo ndipo alowe mu nsongamo. Basi. Yankho lomwelo wawerenganso mlangizi waku Chileka, waku Thyolo, popanda kudikira msonkhano wa alawansi ku hotela. Mu 2017 mbozi zimenezi zinatikhaulitsa mpaka boma kulengeza kuti ndi ngozi, nthawi imeneyo uthenga umayenda ngati nkhono.

Tsono taonani anzathu aku Tanzania. Chomwe ndimawasilira ndi chilankhulo, katswiri wa ku Sokoine University ku Morogoro akalemba mu Swahili mlimi waku Mbeya amawerenga yekha, palibe womasulira pakati, ngakhale unduna wawo wa ulimi umalemba mu Swahili momwemo, ndipo anakhazikitsa M-Kilimo yoti mlimi azifunsira pa foni. Koma mu 2025 boma lawo linatseka X, ndiye chilankhulo alinacho koma khomo lina atsekeredwa.

Zambia ndi amapasa athu pa vutoli. Chinyanja cha ku Chipata ndi chathu chomwechi, nyengo yake ndi ya ku Mchinji yomweyi, chilala cha El Niño cha 2024 chinatimenya limodzi, iwo analengeza ngozi mu February ife mu March, koma akatswiri mbali zonse ziwiri zolemba zawo zambiri ndi zachizungu chokhachokha ngati akulembera ma dona opereka thandizo. Zimandiwawa kwambiri chifukwa posti imodzi ya Chichewa yonena za kuphimbira nthaka ndi mapesi ikanatha kuwerengedwa ku Katete, ku Dedza, mpaka ku Angónia komwe a Mozambique amalankhula Chichewa pamene za boma lawo zimabwera mu Chipwitikizi.

Kuno X ndi yotsegula, Facebook ndi yotsegula, a zanyengo amaika kale malosera awo pa Facebook ndipo nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 ambiri muno mu Blantyre timadalira foni kudziwa zomwe zikuchitika ku Chilobwe ndi ku Soche. Inde bandulo ndi yodula, alimi ambiri ali ndi tifoni ta mabatani, koma mlangizi mmodzi wokhala ndi simatifoni amatha kuwerengera kalabu yonse pansi pa mtengo, ena amatumiza ku wayilesi za mmadera.

Ndiye inu madotolo ndi mapulofesa, zomwe mwapeza pa kafukufuku wa nandolo kapena soya zisathere mu jenala ya zasayansi yomwe mlangizi sadzayiona. Lembani mizere inayi mu Chichewa mvula isanagwe mu November, ikani chithunzi chimodzi, ndipo mlangizi akafunsa mu komenti muyankheni tsiku lomwelo.