Siginecha ya bambo isasanduke malonda mwana akamapita ku Joni

Sukulu zikangotseka mu Disembala, mabasi a ku Joni amadzaza ana. Ena akukaona amayi awo amene akugwira ntchito za m'nyumba ku Randburg kapena ku Cape Town, ena akutsatira bambo ku Durban, ndipo ambiri mwa iwo sakhala pampando umodzi ndi kholo lowabereka. Amakhala ndi agogo, azakhali, achemwali awo aakulu, kapena mayi wina wa kumpingo amene "akupita komweko". Nthawi ngati imeneyi mafoni sapuma: kodi pakufunika kalata yanji, amalemba kuti, chidindo amadinda ndani? Ine maganizo anga ndi akuti kalata imeneyi, yosonyeza kuti makolo avomera mwana atuluke m'dziko, ndi yoyenera, ndipo amene amailemetsa kwambiri si a imigireshoni ayi, ndife eni akefe, makamaka ife azibambo.

Ambiri amangoti anthu a ku South Africa ndi ankhanza, osadziwa kumene nkhaniyi idayambira. Pa 1 Juni 2015 dzikolo lidayamba kufuna kuti mwana aliyense wosakwana zaka 18, polowa kapena potuluka, aonetse satifiketi yakubadwa yokhala ndi mayina a makolo ake. Akamayenda ndi kholo limodzi, linalo limayenera kulumbira papepala kuti lavomera. Chifukwa chimene adapereka ndi kuzembetsa ana. A makampani a ndege ndi a zokopa alendo adadandaula zaka zingapo, mabanja akubwezedwa pa mabwalo a ndege, mpaka mu Novembala 2019 boma lawo lidafewetsa lamulolo kwa ana a mayiko ena amene ali ndi wowaperekeza. Apa ndi pamene anzathu ena amasokonekera n'kumauzana m'magulu a WhatsApp kuti makalata adatha. Sadathe. Mwana woyenda yekha amafunikabe satifiketi, chilolezo cha makolo, makope a ziphaso zawo, ndiponso kalata ya amene akukamulandira yokhala ndi keyala ya kumene akakhale. Mwana amene ali ndi pasipoti ya South Africa, ndipo ana otere alipo m'mabanja a Amalawi amene adakwatira kapena kukwatiwa kumeneko, amafunikabe chilolezo cha kholo limene latsala, chosapitirira miyezi 6 chilembedwere. Botswana nayo idayamba kufuna satifiketi ndi kalata yolumbira mu Okutobala 2016. Wopempha viza ya mwana ya ku Britain kapena ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, akudziwa kuti popanda chilolezo cha makolo fomu siyenda.

Komanso Pretoria ikafewetsa zake, sikuti yamanga manja a wantchito wa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Malawi ali ndi lamulo lake loletsa kuzembetsa anthu la 2015, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Munthu wa yunifomu akaona mtsikana wa zaka 13 ali ndi bambo wa dzina lina, n'kufunsa kuti mwanayu ndi wandani, akugwira ntchito yake. Ndingadandaule kwambiri atapanda kufunsa.

Chimene chimatipweteka mumtima ndikuchimvetsa. Kwathu kuno mwana sakhala wa anthu awiri okha. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwini mbumba ndi malume. Ndiye amaitanidwa mwana akadwala kwambiri, ndiye amakhala kutsogolo pa chinkhoswe, ndipo m'makomo ambiri ndiye amalipira fizi. Agogo aakazi amalera mdzukulu kuyambira ali wakhanda mayi ake atakwera basi kukasaka ganyu. Ndiye tangoganizani gogo ameneyu, amene adamutafunira nsima mwanayo, akuuzidwa pa windo kuti asonyeze umboni woti ali ndi chilolezo chomutenga. Zimamveka ngati chipongwe. Koma wa pa windoyo sadziwa mudzi wathu, sadziwa kuti gogoyu ndi ndani, ndipo munthu wozembetsa mwana nayenso amafika pomwepo n'kunena mawu omwewo, kuti "ndi mdzukulu wanga". Sangawasiyanitse ndi nkhope. Amawasiyanitsa ndi pepala limene kholo lidasaina pamaso pa munthu amene lamulo limamukhulupirira.

Tsono pepalalo limafuna dzina limene lili pa satifiketi, ndipo vuto lenileni lagona pamenepa. Pali azibambo amene adachoka mwana ali ndi miyezi itatu. Sopo sadagulepo, yunifomu sadagulepo, tsiku lobadwa la mwanayo sangalitchule. Koma mayi akaimba foni kuti chonde sainani mwana apite kutchuthi, munthu yemweyo amasanduka wofunika. Ayamba kuzengereza, mawa, mkuja, ndili kutali. Wina amanena poyera kuti anditumizire kaye kangachepe pa Airtel Money. Wina amafuna mayiyo ayambe wapepesa pa nkhani za banja zimene zidatha kalekale. Wina amangofuna kuti amve kupembedzedwa. Abambo anzanga, zimenezi n'zochititsa manyazi. Lamulo lidakupatsani siginecha ija kuti muteteze mwana wanu kwa munthu amene angamutenge mobisa, osati kuti mulipiritsire amayi ake. Ngati muli ndi nkhawa yeniyeni, mwachitsanzo mukuopa kuti mwana akapita sabweranso kapena simukumudziwa amene akumuperekeza, nenani, ndipo kalatayo ili ndi malo ake olembapo zimenezo: tsiku lonyamuka, tsiku lobwerera, dzina ndi nambala ya pasipoti ya womuperekeza, kumene akafikire. Kholo limene likufunsa zinthu zimenezi ndimalilemekeza. Limene likufunsa kuti "ine ndipezapo chiyani" ayi.

Ndinene mbali inayo, kuti azimayi asandiombere m'manja msanga. Alipo amayi amene amatenga mwana n'kuoloka naye osauza bambo amene wakhala akusamala mwanayo mokhulupirika, bamboyo n'kudzamva kwa anthu kuti mwana wake ali ku Pretoria ndipo wayamba sukulu komweko. Kalata yachilolezo imateteza bambo ameneyunso.

Bambo akakana popanda chifukwa, kapena akasowa osadziwika kumene ali, njira yake ndi khothi, osati kusaina m'malo mwake. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa makhothi mphamvu pa nkhani za amene asunge mwana, ndipo chigamulo cha khothi chimalowa m'malo mwa siginecha yosowayo. Kholo likakhala kuti lidamwalira, pamafunika satifiketi ya imfa. Ndikudziwa kuti ambiri timaika maliro osaganizako za pepala limenelo, timadzalikumbuka patapita zaka pamene lafunika mwadzidzidzi. Za khothizi zimatenga nthawi, n'chifukwa chake nkhani ya ulendo wa Disembala imayenera kuyambika masamba a mitengo asanaphuke, osati tikiti ili kale m'thumba.

Pa za chidindo, pali kusokoneza kumene kumadyetsa anthu ndalama. Fotokope ya chiphaso kudindidwa kuti ikufanana ndi chenicheni ndi chinthu china. Afidaviti ndi china: mumalemba zimene mukunena, n'kulumbira ndi kusaina pamaso pa Commissioner for Oaths, amene kwathu kuno kawirikawiri amakhala loya kapena majisitireti. Mawu oti "pamaso pa" ndi ofunika. Wosainayo apite yekha ndi chiphaso chake cha unzika kapena pasipoti. Kutuma mphwanu ndi pepala losainidwa kale kuti akangodinditsa n'kulakwa, ngakhale atapezeka wodinda. Notary public ndi loya amene ali ndi chilolezo chapadera, ndipo chidindo chake ndi chimene maofesi a kunja amakonda kufuna. Pamwamba pa izo pali apostille, chitsimikizo choti chikalata chivomerezeke kunja, chochokera m'pangano la ku Hague la 1961, limene Malawi adalowamo mu 1967 ndipo South Africa mu 1995. Si ulendo uliwonse umene umafuna zonsezi. Funsani a ndege, a basi kapena a kazembe kuti akufuna chiti musanalipire, chifukwa mtengo wa notary ndi wa Commissioner for Oaths si umodzi. Kholo likakhala ku Joni, ku polisi ya kumeneko amalumbiritsa afidaviti osalipiritsa, ndipo kuli ofesi za kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Choncho mawu oti "ndili kutali, sindingasaine" ndi chonamizira chabe.

Madobadoba ndiye musawayandikire n'komwe. Amakupezani panja pa ofesi, n'kukuuzani kuti mkati muli mzere wautali, iwo akonza zonse m'mphindi makumi awiri, siginecha ya bambo ndi chidindo chomwe. Kulumbira zabodza ndi kupeka chikalata ndi milandu m'malamulo a dziko lino, ndipo zikavuta pa chipata dobadoba uja sakhalapo. Amene amatsala atagwira pepala labodza m'manja, mwana ali pambali akulira, ndi gogo uja.

Kanthu kena kakang'ono koma kamene kamabweza anthu ndi mayina. Satifiketi ya NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu, ikuti Chisomo, pasipoti ikuti Chisomo Grace, kalata yachilolezo ikuti Grace. Mayi pa satifiketi ali ndi dzina la kwa makolo awo, pa pasipoti ali ndi la mwamuna wachiwiri. Ife timadziwa kuti ndi munthu mmodzi, timasintha mayina kusukulu, pa ubatizo, pa ukwati, osaonapo vuto. Wa pa windo amawerenga zilembo. Yalani mapepala onse patebulo, muwerenge dzina ndi dzina, tsiku ndi tsiku, ndipo pamene pasiyana konzani kapena lumbirirani afidaviti yofotokoza. Ana ambirinso alibe n'komwe satifiketi. Kalembera wamkulu wa 2017 adali wa ziphaso za anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndiye makolo ena amaganiza kuti buku la kusikelo ndi lokwanira. Pa chipata buku la kusikelo si umboni wa kholo.

  

Ndibwerere ku mabasi. Pali matransipota amene amauza makolo kuti kalata n'zotayitsa nthawi, iwo amadziwana ndi anthu m'zipata zonse, mungowonjezera pang'ono pa mtengo. Taganizirani msewu umene mwanayo adutse. Atuluka pa Mwanza, alowa pa Zobue, aoloka Zambezi pa Tete, atuluka pa Cuchamano, alowa pa Nyamapanda, adutsa Harare ndi Masvingo, kenako Beitbridge mbali zonse ziwiri. Mayiko anayi, masiku awiri kapena kupitirira, usiku ali m'manja mwa munthu amene wakuuzani yekha kuti amadziwa kudutsitsa ana popanda wofunsa. Basi ikachita ngozi ku Masvingo, kapena transipotayo akagwidwa n'kuthawa, wapolisi wa ku Zimbabwe adzapeza mwana wolankhula Chichewa, wopanda pepala lonena kuti makolo ake ndi ndani, akupita kwa yani, foni yawo ndi iti. Ine mwana wa mlongo wanga sindingamukweze galimoto imeneyo, ngakhale amayi ake atandikwiyira kuti ndamulepheretsa Khirisimasi ya ku Joni.